Ndodo yanu ya phingo ndaidula

Amayi, kodi kumeneko mukukhala bwanji? Ine kuno ku Nairobi ndili bwino. Chifuwa chimene chinandigwira nthawi yozizira chinatha.

Za kumudzi ndimazimva pa foni. Alamu anga, akazi a achimwene Yohane, anachira mwezi wathawu, mwana wamkazi. Amutcha dzina lanu. Chimanga sichinachite bwino chaka chino, nandolo ndiye wabereka. Denga la khitchini yanu linagwa ndi mvula yomaliza ndipo sanalikonzebe.

Ndidakali kwa a Gondwe ku Spring Valley, banja lija linanditenga maliro anu atatha. Ntchito ndi yomweyo, kuchapa, kusita, kukagula ndiwo zamasamba zimene kuno amati sukuma. Chiswahili ndimamva, koma kuyankhula ndiye manyazi, monga mukundidziwira.

Chimene ndalembera ndi ndodo yanu. Ndaidula. Ndifotokoza mwadongosolo kuti muweruze mutamva zonse.

Pogawa katundu wanu, azakhali anatenga zitenje, achimwene anatenga wailesi ndi njinga. Ine anandipatsa ndodo imene inatsala kuseri kwa chitseko. Sanadziwe kuti ndi yomweyo ndinkafuna. Ndinabwera nayo kuno, inkakhala pansi pa bedi.

A Gondwe ali ndi chizolowezi chawo. Loweruka lililonse amalowa m'galaja kukasema zitoliro zamtengo, za mtundu umene azungu ankaimba kalekale. Miyeso amatenga m'buku lakale. Sagulitsa, amangozipachika pakhoma. Mayi Gondwe amati, "Anzawo akumanga nyumba ku Lilongwe, awa ali kalikiliki kuboola mitengo." Ine ndinayamba ndi kusesa utuchi. Ataona kuti sindithamanga pogwira zinthu, anandipatsa sandipepa, kenako tupa. Anandiphunzitsa kuti bowo la chala limayambidwa laling'ono, n'kumalikulitsa pang'onopang'ono uku ukuliza, chifukwa mtengo ukachoka subwerera. Ndinakumbukira zimene munkanena podula nsalu, kuti lumo silipepesa.

Mwezi wa Januwale kunatentha kwambiri. Ndikusesa, ndinapeza mng'alu kumunsi kwa ndodo, kumene inkagunda pansi. Ndinalemba ndi pensulo pamene unathera. Patapita milungu iwiri unali utadutsa chizindikirocho. Panapitanso Maloweruka atatu ndisanalimbe mtima kukawaonetsa a Gondwe.

Anainyamula m'manja, n'kuipala pang'ono ndi mpeni. "Esinati, ukudziwa chimene wakhala ukugonerachi? Ameneyu ndi phingo, wouma zaka zambirimbiri. Koma mng'aluwu ukapanda kudulidwa ukwera mpaka kumutu."

Ndinafunsa ngati chotsalacho chingalire titachisema chitoliro.

"Chingalire. Chingathenso kusweka poboola. Zikatero usadzandiyang'ane ine, ina ndilibe."

Iwo sanandipemphe, Amayi. Ndinaganiza ndekha sabata yonse. Achimwene sindinawafunse, chifukwa ndinkadziwa kuti akana.

Panali chinthu chimodzi chovuta. Mukudziwa kadzenje kaja kamene chala chanu chachikulu chinakumba pogwirira. A Gondwe amasalaza mtengo pa makina ozunguza, ndipo anati kadzenjeko kachoka. Ndinati ayi. Aka kanali koyamba kuwakaniza chinthu m'nyumba muno, mpaka anavula magalasi. Kenako ananditcha mmisiri m'Chiswahili, anati, "Chabwino, fundi. Upala wekha ndi manja." Tinaitembenuza ndodoyo, kumutu kukhala kumunsi, kuti kadzenjeko kagwere pamene chala chachikulu chakumanja chimachirikiza chitoliro. Kupalako kunanditengera miyezi iwiri.

Bowo lalitali lapakati anaboola iwo, ine ndikuchotsa utuchi ndi kuthira mafuta. Chitsulo chitafika pakati, mtengo unalira kuti the. Anazimitsa makina. Tinadikira uzizire. Tinauyang'ana padzuwa mbali zonse, sunasweke. Anamaliza Loweruka linalo.

Mabowo asanu ndi limodzi a zala ndinakonza ndine. Bowo lachisanu ndinalikulitsa mopitirira pang'ono, mawu ake anakwera. Ndinamata phula m'mphepete ndipo tsopano ali pafupi ndi pamene ayenera kukhala. Ndakuuzani kuti musamve kwa wina.

Chitolirocho chinalira Loweruka lapitali. Chimaimbidwa chopingasa, ukuuzira pa kabowo ka kumapeto. Mawu ake ndi apansi, osasa pang'ono. Sindinama kuti amafanana ndi anu, safanana. Panopa ndimatha mzere umodzi wokha wa nyimbo ya kutchalitchi, nawonso mpweya umandithera pakati. Mayi Gondwe anasuzumira pazenera la khitchini n'kunena kuti, "Iwe Esinati, zaka ziwiri m'nyumba muno, ndakumva lero."

Ndodo yoyendera palibenso, zimenezo ndikuvomera. Inali yanu, ndipo sindinakupempheni. Munkaigogoda pansi katatu mukafuna kundiitana, chifukwa munkati ine ndimamva ndodo kuposa dzina. Mbali imene inkagogodayo ndi imene tinadula. Ndi yaitali ngati chikhatho, ndipo dothi lofiira la ku Balaka lidakali mu mng'alu. Sindinalitsuke. Ndaikulunga m'kansalu.

Pa Khirisimasi a Gondwe akuti tidzapita kumudzi. Ndidzabwera nako kachidutswako kudzakasiya pamene mwagona, ndipo achimwene ndidzawauza ndi pakamwa panga, osati pa foni. Akakalipa ndidzamva. Chitolirocho ndidzabwera nachonso, kuti mudzamve nokha ngati ndinalakwa. Pofika nthawiyo ndidzakhala nditaphunzira nyimbo yonse, ndikulonjeza.

Chala changa ndi chaching'ono, kadzenje kanu sichikadzaza. Komabe chikalowamo sichiterereka.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Esinati