Mzere Waufupi wa Amayi Ako

Nsaru,
12 Julayi 2023

Wokondedwa mwana wanga Rejoice,

Uli bwanji ku Karonga kumeneko, pamodzi ndi amuna ako ndi ana? Ine ndilipo, kungoti bondo lija likundizunza ndi kuzizira kuno. Mtedza ndakolola, koma ndikuswa ndekha. Chimwalirire amayi ako, nyumba ino yandikulira.

Ndalemba kalata chifukwa pafoni sindikanatha kunena izi. Sabata yatha ndikufufuza m'sutikesi mwawo ndinapeza kope lawo la ndakatulo. Tsamba loyamba ladzaza inki yofiira, ndipo dzanjalo ndi langa.

Iwe unali wamng'ono. Tsiku lina anandipatsa ndakatuloyo kuti ndiione, ine ndi uphunzitsi wanga wa Chichewa n'kuichonga ngati ya mwana wa Fomu 2. Ndinawerenga maphatikizo pa zala: mzere woyamba khumi, wachiwiri khumi, wachitatu anayi okha, ndime zonse zisanu chimodzimodzi. Ndinawauza kuti mathero a mizere akugwirizana bwino, koma wachitatuwo ukutsimphina, akaukonze. Anangoseka n'kutseka kope. Sanandionetsenso ina mpaka kumanda.

Dzulo ndinawawerengera amake Zikani, anzawo aja ankasinja nawo. Sanadikire n'komwe kuti ndimalize. Anati imeneyo si yowerenga, ndi ya pamtondo, ndipo mzerewo ndi waufupi dala, chifukwa woyambitsa amasiya mpata woti mnzake avomere. Akuti amayi ako anawadandaulira kuti anandisiyira malo oti ndilowepo, ine n'kulembapo kuti "zosakwanira". Mawu ovomerawo amake Zikani anaiwala, koma akuti iwe unkawaimba uli ndi kamunsi kako.

Mwana wanga, ndachita manyazi, ndipo mtima ukundipweteka. Zaka makumi atatu ndikuphunzitsa ana a eni kusanthula ndakatulo, ya m'nyumba mwanga momwe osaimva!

Chiliza cha amayi ako tikuvundukula pa 9 Seputembala. Ndikudziwa unati kuntchito sangakupatse tchuthi, koma kapemphenso. Usandilembere mawuwo, ndingawachongenso. Ndikufuna pamanda paja ndidzayambitse ine, iwe udzavomere. Ukapanda kubwera ndidzaimbabe ndithu, koma ndikadzafika pa mzere waufupiwo ndidzangoima chete pamaso pa anthu onse, kudikira.

Ambuye akusunge. Undiperekere moni kwa apongozi anga a Chancy ndi adzukulu anga onse, uwauze kuti mtedza wawo ulipo.

Ndine bambo ako,
Overton Kamwana