Tochi Yozizira M'manja

Kwa Malemia,
Domasi.

Mwana wanga Tikondane,

Moni wochokera kumudzi. Kaya muli bwanji ku Joniko, iwe, apongozi anga a Bernadette ndi ana? Ine ndiliko, maso okha ndiwo akunka nafooka. Mvula yagwa, anzathu adzala.

Kalatayi ndailemba masiku atatu ndi malemba anga a sukulu ya kwacha. Pafoni amako amakhala akumvetsera, ndipo pali chimene ndinakunamiza.

Ukuchidziwa chilonda cha shuga cha kuphazi kwa amako. Anamwino anati ndizichitsuka kawiri pa tsiku, ndiziyang'anitsitsa m'mbali mwake ngati mwayamba kuda. Koma ndi ng'ala yangayi, m'nyumba ndimaona utsi wokhawokha, panja dzuwa limandithobwa m'maso. Nchifukwa chake unatumiza kababu kowala kwambiri kaja, kamene amati LED, kuti ndikakaikitse m'tochi yabwino.

Ndinapita pa Songani kwa a Sumaili okonza mawailesi. Anandiyalira matochi awiri. Ina inali yapulasitiki, yofiira, yopepuka. Ina inali ya aluminiyamu, yolemera, ya mizere kumutu ngati mano a chipeso. Anayesa kababuko monsemo nkundigwiritsa. Yachitsuloyo inafunda m'manja posakhalitsa, pamene yapulasitiki inangoti zii.

Ndinati ndatenga yozizirayo. A Sumaili anaseka, amvekere madala, kufunda mukukumvako ndiye kutentha kukutuluka. Akuti kababuka kamapsa kumsana, kamafuna chitsulo chokhuthala chokalanda moto. Tochi ikazizira kunja ndiye kuti moto watsekeredwa m'kati.

Ine ndinawauza kuti ndalera ana asanu ndi mmodzi, ndipo chotentha m'manja nchodwala, ngakhale mwana timamugwira pamphumi. Iwo anandifunsa ngati mwana wotentha thupiyo ndimamufunditsa bulangete. Ndinakanirirabe. Anandiikira momwe ndinafuniramo, uku akupukusa mutu. Nditafika kunyumba ndinaikulunganso mphira ya chubu cha njinga kuti ikagwa isasweke.

Sabata ziwiri inawala ndithu. Amako ankandiseka kuti ndikuwaunika ngati wotola ngumbi. Kenako kuwala kuja kunayamba kubiriwira nkumachepa pang'onopang'ono. Mwana wanga, ine ndinkayesa ndi maso anga. Ndinkatsuka chilonda, nkumawauza kuti chili bwino, chonsecho sindinkachiona.

Lachiwiri lina tochi inanunkha ngati jumbo yopsa, nkuzimiratu. Ndinaitana a Esnath oyandikana nafe kuti adzandithandize kutsuka. Atangomasula nsalu anandifunsa kuti kudaku kwayamba liti.

Kuchipatala anati tachedwa. Akuti ayesa mankhwala sabata ziwiri, zikakanika chala chachikulu achotsa. Amako sanalire. Anangofunsa adokotala ngati munthu wopanda chala amatha kupalira.

Tsiku unaimba lija ndinakuuza kuti tochi ikuwala ngati dzuwa. Inali itafa kale. Ndinachita manyazi, undikhululukire.

Ndabwererako kwa a Sumaili. Sananditonze. Anatsegula tochi, kababu kada bii, pulasitiki wasungunukira pomwepo. Akuti kamphamvu chotero pa Songani palibe, ndipo timababu tina timene anandiyesera sitikupyola utsi wa m'maso mwangamu. A Esnath amabwera m'mawa mokha, nawo ali ndi munda wawo. Madzulo ndimatsuka mopapasa, amako nkumandiuza pamene pakuwawa, koma phazilo theka lake silimvanso kanthu.

Ngati kuli munthu wobwera kuno, umupatsire kababu kena. Ngati ungathe kubwera wekha ndi maso akowo, ndiye bwino koposa. Amako anandiletsa kukuuza, akuti usasiye ntchito chifukwa cha chala. Ine ndakuuza.

Tochi yachitsulo ija ndaitenga. Ili pawindo, m'kati mulibe kanthu. Ndimaigwira nthawi zina, ili zii, ndipo tsopano ndikudziwa kuti kuzizirako si moyo. Tsiku idzandifunde m'manja ndidzathokoza.

Upereke moni kwa a Bernadette ndi adzukulu anga onse. Mulungu akusungeni kumeneko, akuyendetse bwino ngati ubwera.

Ndine bambo ako,
Isaki Maliro