Mbuzi Yadya Majumbo a Mapeyala

Gulu: Banja lathu

Lachiwiri

[07:42] Ine: adadi mwadzuka? majumbo anga aja ali bwanji pa waya

[07:58] Adadi: Tadzuka Dokotala. Olemba A aja atha ntchito. Ndangokhudza imodzi, yangoyoyoka ngati tsamba louma.

[07:59] Ine: nanga olemba B?

[08:03] Adadi: Ali gwa. Ndakoka ndi manja awiri, osang'ambika.

[08:04] Ine: musakokeee kkkk machine ya ku lab ndi imene ikoke lachisanu

[08:10] Adadi: Tandiuzanso bwinobwino. A neba akundifunsa kuti bwanji munthu wamkulu, mphunzitsi wopuma, ndikuyanika majumbo miyezi yonseyi.

[08:15] Ine: muwauze kt si plastic wamba. ndi ya starch ya chimanga, ukaikwirira imaola. vuto lake imakalamba msanga pa dzuwa, imayoyoka munthu asanaigwiritse ntchito. mu ma B ndinathiramo madzi ofinya ku makoko a mapeyala. mumakhala ma antioxidant, amachedwetsa kukalambako

[08:17] Adadi: Bwenzi utandithirako inenso.

[08:17] Ine: kkkkk

[13:26] Adadi: missed call

[13:31] Adadi: Mwanawe, ukatuluka m'kalasi undiyimbire.

[14:05] Ine: ndinali ndi prof. chachitika nchani? amami ali bho?

[14:07] Adadi: Ali bwino. Ndi mbuzi ya a neba. Yadula chingwe, yakwera pa njerwa zili pansi pa waya zija.

[14:08] Adadi: [chithunzi]

[14:08] Ine: adadi ma B ali kuti

[14:12] Adadi: Yadya onse. Ma A sinawayang'ane n'komwe. Kaya inamva fungo la mapeyala.

[14:13] Adadi: Ndinangotsamira pampando pang'ono, tulo n'kundiba. Pepa mwana wanga.

[15:20] Adadi: Dokotala?

[16:02] Adadi: missed call

[16:48] Ine: popanda ma B ndilibe choonetsa. defence ya research yanga aisuntha chaka chamawa. basi

[17:01] Amami: [voice note 0:48]

[17:03] Ine: amami ndili mu basi sindikumva, lembani plz

[17:09] Amami: ndati pukuta misozi. atatu ali pa papaya

[17:09] Ine: pa papaya??

[17:14] Amami: tsiku lomwe unayanika lija ndinachotsapo atatu kuveka mapapaya anga. mbalame zimajompha. ndinasankha a B poti ndi okongola

[17:15] Adadi: Ndiye ine nthawi yonseyi ndikunamizira mphepo kuti inauluza atatuwo!

[17:16] Amami: simunandifunse

[17:16] Ine: amami dikirani. pamenepo dzuwa limafika?

[17:19] Amami: kuyambira mmawa mpaka kulowa. si mtengo uli kumapeto kwa waya womwewo. mvula yonse ija yathera pa iwo, sanang'ambike olo pang'ono

[17:20] Ine: [voice note 0:09]

[17:21] Adadi: Uku ndi kulira kapena kuseka?

[17:22] Ine: zonse!! anthu mu basi akundiyang'ana. musawakhudze, ndikubwera mawa mmawa kudzatenga. mbuzi ili bwanji kodi, sinatupe?

[17:25] Adadi: Ili pheee pamthunzi, ikubzikula digiri yako.

Lachisanu

[11:52] Ine: [video 0:21]

[11:52] Ine: AKOKA!!! ma B atambasuka pafupifupi ngati atsopano asanaduke. ma A machine yalephera nkuwagwira komwe

[11:54] Ine: prof akuti atatu ndi ochepa, ndidzayanikenso ena ndisanalembe paper. koma defence ilipo mwezi uno

[11:59] Adadi: [voice note 2:31]

[12:03] Ine: adadi mukuyimba?? akuthandizani bass ndani

[12:05] Adadi: A neba. Ndabwera kudzawauza. Akuti ngati majumbo ako samatupitsa mbuzi, akufuna akhale oyamba kugula.

[12:06] Ine: kkkk ayambe agula chingwe cholimba

[12:10] Ine: amami mulipo? dzina lanu ndalilemba pa tsamba la kuthokoza, pamwamba pa prof

[12:31] Amami: ndinali kukhitchini ndikuvina ndekha. wandinyaditsa mwanawe

[12:33] Amami: koma mbalame zayambanso. majumbo anga ubweza liti