Nankhoma m'dimba lanu

Amayi, kwacha bwanji kumene muliko? Kuno ku Manja tilipo ndithu. Rozina wanu anachira mwezi wathawu, mwana wamkazi, ndipo am'patsa dzina lanu. Mphuno ndi yanu yomwe ija, ukalinso ndi womwewo. Chimanga cha m'phiri la Soche chinapsa ndi dzuwa, tinangopeza matumba awiri. Denga la khitchini likudonthabe pomwe paja.

Koma chomwe ndakhalira pansi kukulemberani ndi nkhani ya Nankhoma, hatchi yaifupi yofiirira ija ya mtundu wa kumapiri a ku Lesotho, imene bambo ankasamalira pa famu ya adona ku Chigumula ine ndisanalowe m'malo mwawo. Dzinalo munam'patsa ndinu. Famu ija inagulitsidwa, Amayi. Adona anatsatira ana awo kunja, malo onse aduladula mapuloti. Hatchi zazitali zonyada zija, zimene zinkadwala ndi kamphepo kalikonse, zinapeza ogula sabata imodzi. Nankhoma panalibe womufuna, ati wafupika, wakalamba. Adona anandiika chingwe m'manja, ine n'kulandira ndi manja awiri ngati chitsiru.

Ndinayenda naye wapansi kudzera mu Limbe. Maminibasi kuliza mahutala, oitanira kukuwa kuti ndawagulira bulu wonenepa, iye osagwedeza ndi khutu lomwe. Ndi mmene alili. Sanavalepo nsapato zachitsulo, ziboda zake zimaponda miyala ngati pamphasa. Amadya udzu wouma umene mbuzi imaunyoza, mvula imam'thera pamsana ali chiimire. Sanamenyepo munthu, koma akakana njira wakana, ndipo ukafufuza umapeza kuti kutsogoloko kunalidi dzenje. Paja munkati, "Kavalo ameneyu ndi mnzanga, tonsefe sitidziwa kudandaula."

Ndinamuika m'dimba lanu la mpiru kuseri kwa nyumba, pakati pa chimbudzi ndi mpanda wa njerwa wa a Saidi, dalaivala wa lole uja. Mukhululuke, mpiru kulibenso. Malowo ndinayeza: mapazi khumi ndi awiri. Amangozungulira, moti wakumba kanjira kozungulira ngati mkombero wa lichero.

Anthu a m'dera lino am'konda kwambiri, ndipo chikondicho ndicho chamupweteka. Mayi aliyense wochokera kuchigayo amam'tsanulira gaga pamwamba pa mpanda. Ine ndinkathokoza, ndikumati akudya bwino kuposa kale. Dokotala wa ziweto atabwera anandikalipira ngati mwana. Akuti hatchi ya kumapiri inazolowera kudya movutikira ndi kuyenda tsiku lonse. Ukaikhutitsa gaga ili chiimire, ziboda zimatupa mkati. Akuti ululuwo unayamba kalekale, koma mtundu umenewu suonetsa. Anandigwiritsa chiboda, chinali chotentha.

Ndinalira pamaso pa dokotalayo, Amayi, ndipo sindinkalirira hatchi yokha. Chaka chonse chija munkagwira m'mimba mukamanyamuka pampando, ndikakufunsani inu n'kumati, "Ndangotopa, pita kuntchito." Ine n'kumapitadi. Munthu amene ndimadziwa hatchi yodwala poona mmene yaimira, ndinalephera kuona mayi anga. Ndimakwiya nanu pa chimenechi, ndipo ndimadzikwiyira koposa.

Gaga ndaletsa, ndipo kutentha kwayamba kuchepa. Koma dokotala wanenetsa kuti akakhalabe muno, dzinja likubwerali salimaliza. Malume ku Muloza avomera kuti Nankhoma akakhale kumeneko, malo otsetsereka alipo, udzunso ndi wambiri. Kungoti malumewo maso anafooka, sangathe kumusamalira. Ndiye kuti ndikapita naye, ndikakhala konko.

Apa ndi pamene mwandimanga. Kuchipatala kuja munandigwira dzanja n'kunena kuti, "Fransisko, njerwa za nyumba ija bambo ako anaumba okha atangofika kuchokera ku Milanje. Usaisiye, usaikemo alendi." Ndinavomera. Rozina ali kubanja kwake ku Nkolokosa, sangabwerere. Zaka zitatu tsopano ndikusesa zipinda zimene simugona munthu, ntchito ndilibe, ndipo sindinagonepo kwina ngakhale tsiku limodzi.

Dzulo m'mawa ndinatsegula geti la dimba kuti ndimuyendetse pang'ono pamsewu. Ndinalisiya pululu, ine n'kuima panja ndi udzu m'manja. Anabwera mpaka pakhomo, anayang'ana phiri la Soche nthawi yaitali, kenako anatembenuka n'kubwerera m'kanjira kake kaja. Palibe anamuletsa. Ndinaima pomwepo ndi manyazi, chifukwa ndinadziwa kumene anaphunzira zimenezo.

Ndimakukondani, Amayi, ndipo sindinakunamizenipo. Nchifukwa chake sindikulonjezanso za nyumba. Chimene ndikulonjeza ndi ichi: ziboda zikangopola, ndimutulutsa, ngakhale mochita kukoka. Tidzadzera kumanda kwanu, kiyi wa nyumba ali m'thumba. Ngati muli ndi mawu, mudzanene pamenepo, koma ulendo uno musadzati mwangotopa.

Ndine mwana wanu,
Fransisko