Mfuti ya bambo ilire pa chiliza, koma zipolopolo zake sitikuzidziwa

Aphungu,

Ndine mwana woyamba wa malemu Bartholomew, mlenje amene aliyense wolima kachewere kumtunda kwa Chimbiya amamudziwa. Nguluwe zikavuta m'dimba, anthu ankathamangira kwathu. Kwa zaka makumi atatu bambo sanaombepo kawiri nyama imodzi, ndipo chiphaso cha mfuti yawo sichinathepo mphamvu. Ndikunyada, sindibisa.

Mwezi wamawa tikuvundukula chiliza chawo. Atsibweni alamula kuti mfuti ilire kamodzi kumanda, monga zinachitikira pa maliro a alenje akale, ndipo woomba akhale mchimwene wanga Dennis, yemwe sanaombepo ngakhale njiwa.

Vuto ndi ili. M'chitini chomwe bambo anasiya muli zipolopolo zamitundu iwiri, zofanana ndithu ukaziona patali. Manambala osonyeza kukula kwa chipolopolo choyenera, omwe anali pa mpope wa mfuti, anafufutika. Chimwalirireni bambo, mayi akhala akuikwecha Loweruka lililonse ndi phulusa ndi mchenga ngati poto. Akuti, “Abambo anu sankafuna dzimbiri.” Panopa ikuwala mpaka kudziyang'anirapo, koma siwerengeka. Chiphaso chili ndi nambala yake, komabe ndimakumbukira bambo akunena kuti mfutiyi inasinthidwa mkati asanaigule.

Alamu anga a Vinsenti akuti palibe chovuta. Anati, “Mulamu, chipolopolo chili ngati nsapato. Chikalowa, n'chake.” Anayesa, zonse ziwiri zinalowa. Nditakayikira, anandiseka: “Sukulu yakupatsani mantha. Mukufuna anthu anene kuti ana a Bartholomew amaopa mfuti ya bambo awo?”

Aphungu, sindikufuna kuchititsa manyazi bambo. Komanso Dennis ndi mchimwene wanga yekhayo. Tisankhe chiti mwa ziwirizi?

J.B., Dedza

Mayi J.B.,

Musasankhe chilichonse. Ndipo ndiloleni ndikwiye kaye pang'ono, chifukwa ndawerenga kalata yanu tiyi ali m'manja, watayikira pa malaya.

A Vinsenti ndi katswiri wa nsapato, ndawavomereza. Koma nsapato ikakuthina umangotuluka chithuza. Chipolopolo cholakwika chimatha kulowa bwinobwino, mfuti n'kutseka mwaulemu, kenako chitsulo n'kuphulikira pa tsaya la woomba. Taonaninso kuti mwini nzeruyo sanadzipereke kuomba. Nzeru ndi za alamu, nkhope ndi ya Dennis. Ukatswiri wotere ngakhale ine ndingaukwanitse.

Mayi anu okha sindiwadzudzula. Anthu ena amalira amuna awo mwezi umodzi, iwo akukwechabe mpaka lero. Ingowapemphani mwaulemu kuti phulusa libwerere ku mapoto.

Tsono chitani izi. Choyamba, lero lomwe, tsimikizani kuti alamu sanasiye chipolopolo m'kati mwa mfuti. Mfuti itsekeredwe kwina, chitini kwina, makiyi asunge inu. Kenako tengani chiphasocho ndi kalata ya imfa mupite kupolisi ku Boma. Chiphaso chinali cha bambo anu, sichilowa chokha m'manja mwa ana ngati khasu. Mfuti musanyamule m'minibasi mutaikulunga m'chitenje. Pitani ndi mapepala okha, akuuzeni okha kanyamulidwe kake.

Kumeneko funsani za katswiri wa mfuti wovomerezeka. Iye adzawerenga zolembedwa kutako kwa zipolopolozo, adzafufuza zizindikiro zina zobisika pansi pa thabwa la mfutiyo pomwe mchenga wa mayi sunafike. Akakayikabe, amathira chitsulo chofewa chosachedwa kusungunuka m'malo momwe chipolopolo chimakhala, n'kutulutsa chifanizo chake, n'kuchiyeza. Muyeso umenewo ndiye umanena zoona. Chiphaso chikhoza kulakwa, makamaka poti mfutiyo inasinthidwapo. Izi musayesere kunyumba ndi kandulo, ndikuwaona kale a Vinsenti akusaka machesi. Katswiriyo aonenso ngati mfuti yokalamba chotere ikadali yolimba, ndiponso ngati zipolopolo zogonera zaka m'chitini zili zoti munthu n'kuzikhulupirira.

Mukuona kuti mwezi umodzi ungachepe? Ungachepedi. Zikatero, mfuti isalire. Pitani kwa atsibweni inu nokha, osati pagulu, muwafunse kuti ikaphulika adzaima pati powauza mayi. Apolisi akalola, Dennis ainyamule yopanda kanthu kutsogolo kwa gulu, ikuwala monga mayi anaiwalitsira, ndipo alimi omwe bambo anawapulumutsira madimba aime mmodzimmodzi anene zomwe anaona. Phokoso limenelo lidzamveka kutali kuposa la wonga.

Mukuopa kuti anthu adzati ana a Bartholomew amaopa mfuti. Mayi, Bartholomew mwini wake ankaiopa. N'chifukwa chake anaisunga zaka makumi atatu n'kupita kumanda ndi maso awiri ndi zala zonse khumi. Dennis akaime pa chiliza cha bambo ake ali ndi zake zonse.

Aphungu