Ndabwereketsa dzina lanu

Okondedwa akulu anga a Esinati,

Muli bwanji ku Kitweko, inu ndi alamu? Kuno tili bwino, ndipo mwendo wa amayi wasiya kutupa.

Pakhomo pano tikusunga mayi wina wothawa nkhondo ku Mozambiki, dzina lake Roza, ndi kamwana kake. Loweruka ndinapita naye kumsika wa Kamwendo, mwana titamusiya kwa amayi. Polowera anyamata a chipani anafuna kuona makhadi a chipanicho. Ine ndinaonetsa, koma iye analibe. Wina atamva kalankhulidwe kake anati, "Ameneyu si wakuno. Akwere lole, azipita kukampu."

Ndinaganiza za mwana uja. Ndinangoti, "Awa ndi akulu anga a Esinati, angobwera kumene kuchokera ku Zambia." Anatiyang'ana nthawi yaitali, kenako anamugulitsa khadi nalembapo dzina lanu.

Mtima wakhala pansi tsopano, ngakhale Lamulungu ndinalephera kuimba kutchalitchi poganizira bodzalo. Mundikhululukire. Chonde mukamabwera chaka chino musatsikire pa Kamwendo, ndipo kalatayi mukawerenga muiotche.

Mulungu akusungeni nonse.

Ndine mng'ono wanu,
Felista