Tayala la Kumanja

12 Juni 1995
Mng'ono wanga Rafaelo watulukira kuchokera ku Joni. Galimoto yofiira, mipando iwiri basi, mimba yokhudza pansi. Linthipe yense pagalaji panga, ndi ogulitsa kabichi omwe kusiya malonda. Ndati, "Iwe, mbatata za amayi uzinyamulira pati m'kachitini aka?" Kuseka kwake komwe kuja. Koma majekete awiri dzuwa lili pamutu. Akuti anaiwala chisanu cha Dedza.
Dandaulo lake limodzi, galimoto ikukokera kumanzere. "Achimwene, amakaniko a ku Joni yawakanika. Mwina inu."

14 Juni
Mpweya m'matayala, wofanana. Kadyekedwe, kofanana. Ndaikweza pa jeke, kugwedeza mawilo, thayirodi yolumikiza mawilo ku chiwongolero ili nganganga. Ndakoka chingwe kuchokera wilo lakumbuyo kufika lakutsogolo, uku ndi uku, mzere bwinobwino. Ndayendetsa ndekha mpaka pamlatho, kusiya chiwongolero, iyo kungowongoka.
Galimotoyi ilibe mlandu. Nanga?

15 Juni
Ndati ayendetse mwini wake, ine pambali, msewu wa ku Kaphuka. Maso anga pa manja ake. Wotchi yatsetsereka mpaka pachigongono. Dzanja lamanzere likumatopa, n'kulendewera pachiwongolero, galimoto n'kumalitsatira. Iye: "Mwaona? Yayambanso!"
Ndati ndaona. Mayo ine, ndaonadi.
Ndakalirira kubafa kuti mkazi wanga Monika asandimve.

17 Juni
Ndaphwetsa pang'ono tayala lakutsogolo la kumanja. Tsopano galimoto ikukokera kumanja, dzanja lake kumanzere, zikukumana pakati. Umakaniko wanga wonse wathera pamenepa. Wabwerako akuliza hutala ngati wapambana chisankho. "Ndinkawauza a ku Joni, kwathu kuli dokotala!"
Dokotala wake uti.
Ndamuletsa msewu waukulu wa malole. Ndanama kuti ikufunika kuzolowera kaye.

9 Julayi
Lamulungu. Wanyamula amayi kupita nawo ku Misa ku Kabwazi. Ine pambuyo pawo, pa njinga, kudya fumbi, mtima uli m'mwamba. Afika bwino. Amayi duku lili pambali, kuseka ngati mtsikana. Andikokera kuseri kwa tchalitchi: "Waona mmene akuyendetsera? Mwana wanga akuchira."
Ndiye kuti amayi ankadziwa kale. Tonse tikudziwa, wotchula palibe.

2 Ogasiti
Lero supuni yamugwa Rafaelo m'manja. Phala ndamumwetsa ine, iye akundinena kuti ndimagwira supuni ngati sipanala. Kenako wapisa pansi pa pilo, makiyi m'manja mwanga. "Achimwene, tayala lija ndinaliona tsiku lomwe lija. Kalipopeni tsopano."
Kamwanaka! Kundisiya ndikunyada ndi bodza langa, iko kakundisungira ine chinsinsi.
Mtima ukuwawa, Ambuye. Ukuwawa.

30 Ogasiti
Tameta dzulo maliro a Rafaelo. Mutu ukuzizira.
M'mawa ndaitulutsa kuti batire isafe. Kungofika pamlatho, iyo kukokera kumanja. Ikudikira dzanja lija kuti liibweze.
Ndabwerera, ndatenga pampu, ndagwada pa tayala. Chivindikiro cha valavu chili m'manja. Monika waima pakhomo: "Bambo, nanga mukudikira chiyani?"
Ntchito ya kamphindi. Mwini wake analamula.
Ndatsekanso valavu. Pampu ili pa msomali wake.
Mwina mawa